Mutu 9: Kusamalira Nyumba ndi Dimba Mvula Isanabwere

Kambiranani

1. Ndi mavuto otani amene mumaona panyumba panu mvula ikagwa?
2. Madzi ogwa pa denga la nyumba yanu amapita kuti?
3. Ndani amakonza zinthu zikaonongeka panyumba panu?

Mau atsopano

maziko: mbali ya nyumba imene ili pansi pa nthaka, pamene cipupa cimakhala
cinyontho: kunyowa kumene kumakhalitsa mu cipupa kapena mu nthaka
mng'alu: mzere umene umaoneka cipupa cikayamba kusweka
dzimbiri: zofiira zimene zimadya citsulo conyowa
ngalande: njira yokumbidwa kuti madzi aziyendamo
mbande: timbewu tating'ono timene timaokeredwa m'dimba

Werengani

Gawo 1: Madzi a pa denga

Mu Zambia mvula imayamba mu Novembala ndipo imatha mu Epulo. Mwezi wa Okutobala umatentha kwambiri. Anthu amayang'ana kumwamba ndi kufunsana kuti, "Nanga idzabwera liti?" Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mvula imene imameretsa cimanga ndi yomweyo imene imalowa m'nyumba ndi kunyowetsa zofunda.

Mzinda wa Lusaka umalandira mvula pafupifupi mamilimita 800 pa caka. Malo ake ambiri ndi athyathyathya. M'makomboni monga Kanyama, Misisi ndi Chawama madzi sapeza kothawira msanga. Amaima pabwalo, m'misewu ndi m'madimba kwa masiku angapo.

Madzi ogwa pa denga ndi ambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Mvula ya milimita 1 ikagwa pa malo a mita 1 m'litali ndi mita 1 m'lifupi, imapereka lita 1 ya madzi. Denga la mamita 6 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi likalandira mvula ya mamilimita 10, limatsitsa malita 300. Madzi amenewa angadzaze zidebe 15 za malita 20.

Madzi onsewa amafuna njira. Mwini nyumba akapanda kuwapatsa njira, amadzipezera okha, ndipo kawirikawiri amalowa m'munsi mwa cipupa. Akawapatsa njira yabwino, madzi omwewo amathandiza panyumba ndi m'dimba.

Gawo 2: Nyumba ya ambuya

Ambuya ena a ku Chawama amakhala m'nyumba ya zipinda zitatu imene anamanga ndi malemu amuna ao. Amalera adzukulu awiri, mtsikana wa Giredi 6 ndi mlongo wake wa Giredi 3. Kuseri kwa nyumba ali ndi kadimba ka repu, tomato ndi cibwabwa. Ndiwo zina amadya, zina amagulitsa pageti. Ndalama zake amagulira sopo, mcere ndi mabuku a adzukulu.

Dzinja lina zinthu zinaipa. Denga linadontha pamwamba pa bedi. Mabuku a mtsikana ananyowa mpaka zolemba zinafufutika. Cipupa ca cipinda cogona cinacita mng'alu, ndipo tomato yense anaola. Mvula ikagwa usiku, ambuya sanali kugona. Anali kuopa kuti cipupa cigwera ana.

Cilimwe conse ambuya anasunga ndalama pang'onopang'ono. Pa Ciweru cina mu Okutobala anaitana mwana wao wamwamuna, amalume a anawo, amene amagwira nchito yomanga nyumba.

"Mwanangu, ndalama ni izi," anatero ambuya. "Ndifuna ugule penti, nyumba ioneke bwino."

"Awe, Amai, penti iyembekeze," anayankha amalume. "Penti siletsa madzi. Tiyeni tione coyamba kumene madzi alowera."

Gawo 3: Denga ndi cipupa

Masana, dzuwa lili pamutu, onse analowa m'nyumba ndi kutseka citseko ndi mawindo. Nyumbayo ilibe siling'i, motero malata amaoneka. Mumdimamo munaoneka timadontho ta kuwala ngati nyenyezi.

"Werenga nyenyezi izo, iwe," amalume anauza mtsikana.

"Zili zisanu ndi ziwiri, amalume."

"Ee. Paliponse pamene palowa dzuwa, palowanso mvula."

Mabowo ambiri a pa denga amakhala pamisomali. Lata lili ndi mizere yokwera ndi mizere yotsika. Madzi amayenda m'mizere yotsika, conco msomali uyenera kukhomedwa pa mzere wokwera. Pa nyumba ya ambuya misomali ina inakhomedwa m'mizere yotsika, ndipo ina inadyedwa ndi dzimbiri.

M'mawa mwake, malata asanatenthe, amalume anakwera pa denga. Anali kuponda pa mzere wa misomali, cifukwa pansi pake mpamene pali mapulanga. Anazula misomali yoipa, namata mabowo ndi phula. Kenaka anakhoma misomali yatsopano yokhala ndi kamphira kumutu kwake. Mnyamata anafuna kukwera nayenso, koma ambuya anamuletsa. Nchito ya pa denga ndi ya akulu okha. Munthu angagwe, angacekedwe ndi lata, kapena angakhudze waya wa magetsi.

Nyumba zina zakale za ku Matero, Chilenje ndi Kabwata zili ndi madenga a asibesitosi. Madenga amenewa amasweka msanga munthu akapondapo, ndipo fumbi lake limaononga mapapo. Sayenera kucekedwa kapena kubooledwa ndi munthu wosadziwa.

Atatsika, amalume anapita kuseri kwa nyumba, kumene denga limatsetserekera. M'munsi mwa cipupa munali kamzere kokumbika, kutalika kwake ngati nyumba yomwe.

"Ndani anakumba apa?" anafunsa mnyamata.

"Ni madzi," anatero amalume. "Caka ciliconse agwa pamalo amodzimodzi. Akumba, aima, ndipo alowa ku maziko."

Nthaka ya pansi pa maziko ikanyowa kwambiri imafewa. Mbali ina ya nyumba imatitimira pang'ono, ndipo cipupa cimang'aluka. Cinyontho cimakweranso m'mabuloko. Pulasitala amayamba kugwa, penti imatupa ndi kusendeka, ndipo pacipupa pamatuluka zoyera ngati mcere.

"Manje cidzagwa, mwanangu?" anafunsa ambuya.

Amalume anayang'anitsitsa mng'aluwo. Unali wopyapyala, wosalowa ngakhale pensulo.

"Iai, Amai, sicigwa tikaletsa madzi. Koma tizicipenyetsetsa."

Anaumba kabulu ka simenti pamwamba pa mng'alu, nalemba tsiku pambali pake. Kabuluko kakadzasweka, ndiye kuti mng'alu ukali kukula. Mng'alu umene ukukula, kapena umene cala cingalowemo, ufunika kuonedwa msanga ndi mmisiri womanga nyumba. Kuumata cabe sikuthandiza.

Ndalama za ambuya zinakwana matumba awiri a simenti a makilogalamu 50. Amalume anakwirira kamzere kaja ndi zidutswa za mabuloko ndi dothi, natsindira mwamphamvu. Pamwamba pake anathira konkire yopendekera kunja, kuti madzi azithawa cipupa. Mokonzera pulasitala anasakaniza fosholo 1 ya simenti ndi mafosholo 4 a mcenga. Simenti sinakwane kuzungulira nyumba yonse. Mbali zina anangoikako miyala ndi dothi lotsindira.

"Kwinako tidzatsiriza caka ca mawa," anatero ambuya. "Pang'onopang'ono ndi mtolo."

Adzukulu anapatsidwa nchito yothira madzi pa konkire m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Simenti ikauma msangamsanga padzuwa silimba, imang'aluka.

Pocotsa nkhuni zimene zinatsamira cipupa, mnyamata anaona kanjira ka dothi kokwera kulunjika ku denga. Atakaswa, munatuluka tizilombo toyera.

"Ciswe, ambuya!" anakuwa.

Ciswe cimakhala pansi pa nthaka ndipo cimakonda cinyontho. Cimamanga tinjira ta dothi kuti cifike pa mapulanga osapsa ndi dzuwa. Cimadya thabwa mkati, kunja likuoneka labwino. Banjalo linapala tinjira tonse ndi kusamutsa nkhuni kutali ndi nyumba, pamwamba pa miyala. Amalume anagogoda mapulanga a denga ndi a citseko. Thabwa lodyedwa limalira ngati ng'oma. Anapeza limodzi lotere, nalisintha. Mankhwala opha ciswe ndi poizoni, ndipo amagwiritsidwa nchito ndi akulu okha.

Gawo 4: Madzi apite kuti?

Pa Ciweru cotsatira amalume anapinda lata lakale, napanga kangalande. Anakamangirira m'mphepete mwa denga mopendekera pang'ono. Kumapeto kwake anaika diramu ya malita 210. Diramuyo anaitsuka bwino ndi kuipangira civundikiro colimba. Diramu yosavundikira ndi yoopsa. Mwana wamng'ono angagweremo, ndipo udzudzu umaikira mazira m'madzi oima. Nyengo yotentha mazirawo amasanduka udzudzu pa sabata imodzi kapena awiri.

Diramu imodzi singasunge madzi onse a pa denga. Otsala anafunika ngalande. Mnyamata anatenga khasu ndi kuyamba kukumba kulunjika kumene malo atsetserekera. Kumeneko kunali mpanda wa aneba.

"Odi, ambuya!" anaitana mai wa nyumba yoyandikana, nkhope ili gwaa. "Manje madzi anu onse muwatumiza kwa ine? Caka catha analowa m'cimbudzi canga mpaka cinasefukira. Ana anga anadwala m'mimba."

"Pepani, aneba," anatero ambuya. "Mwana sanadziwe. Khalani pansi tikambirane."

Mai uja sanali kukangana pacabe. Madzi a mvula akalowa m'cimbudzi cokumba, amatulutsa zonyansa. Zonyansazo zimafika pabwalo pamene ana amasewera ndiponso m'zitsime zosazama. Umu ndi mmene kolera imafalira. Mu Okutobala 2023 kolera inabuka mu Lusaka. Anthu ambiri anadwala, ena anamwalira, ndipo mu 2024 masukulu anacedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale.

Mabanja awiriwo anagwirizana kukumba ngalande imodzi m'malire mwao, kutali ndi zimbudzi zonse ziwiri. Inakafika ku ngalande yaikulu ya m'mbali mwa msewu. Kumeneko anapeza mapulasitiki, mabotolo ndi mcenga zitatseka njira. Anaitana mabanja ena, ndipo onse anacotsa zinyalalazo ndi mafosholo ndi wilibala.

Gawo 5: Dimba

"Nanga tomato wanga anaola cifukwa ciani?" anafunsa ambuya.

Amene anayankha anali aneba omwe aja, popeza iwo anakulira ku Katete ndipo amadziwa za dimba.

"Mabedi anu ni olowa pansi, ambuya. Otere ni a cilimwe, osunga madzi. Dzinja lifuna mabedi okwera. Mizu nayo ipuma. Ikakhala m'madzi masiku ambiri, iola."

Adzukulu anaunda mabedi okwera ngati mizere ya mbatata, ndi kusiya tinjira ta madzi pakati. Aneba anawaphunzitsanso zina. Tomato wa dzinja amagwidwa ciwau, matenda amene amadetsa masamba ndi zipatso. Matendawa amakonda masamba onyowa. Conco tomato amamangiriridwa ku timitengo, masamba a m'munsi amathyoledwa, ndipo pansi pamayalidwa udzu wouma kuti matope asathovukire pa masamba. Pothirira, madzi amathiridwa patsinde.

Mbeu za mtundu umodzi siziyenera kubzalidwa pa bedi limodzi caka ndi caka, cifukwa matenda ake amatsala m'nthaka. Tomato ndi impwa ndi pacibale. Repu ndi kabici ndi pacibalenso. Pamene panali tomato ambuya anabzala nyemba, ndipo tomato anamusamutsira pamene panali repu.

Repu ali ndi mdani wake, nsabwe za m'masamba. Zimabisala kunsi kwa tsamba ndi kuyamwa madzi ake mpaka tsambalo litapindika. Mtsikana anaphunzira kutembenuza masamba m'mawa uliwonse. Akapeza nsabwe zocepa amazifikisa ndi zala. Zikacuruka amawaza madzi osungunuliramo sopo pang'ono, madzulo dzuwa litapepa. Ndiwozo amazitsuka bwino asanaphike.

Vuto lina linali nkhuku, zimene zinali kupalasa mbande. Mnyamata anathamangira m'nyumba, nabwera ndi neti.

"Bweza iyo, mdzukulu wanga," anatero ambuya. "Neti ni yogonamo iwe. Ufuna repu apulumuke, iwe udwale malungo?"

Mpanda anaupanga ndi timitengo ndi masaka akale.

Pakona ya dimba anaunjika manyowa. Pansi anayala masamba ouma, pamwamba pake makoko a ndiwo ndi udzu wauwisi, kenaka zitosi za nkhuku, phulusa pang'ono ndi dothi. Anabwereza mpaka mulu unakula. Muluwo amautembenuza pakapita masabata awiri kapena atatu, ndipo manyowa amapsa pakatha miyezi itatu. Zitosi zosaola zimaocha mbeu. Mapulasitiki, magalasi ndi mabatire saikidwa pa mulu wa manyowa.

Gawo 6: Mvula yafika

Mvula yoyamba inagwa pakati pa Novembala. Madzi ake anali ofiira ndi fumbi la pa denga, ndipo ambuya anawataya. Anatsukanso diramu. Mvula yaciwiri inaidzaza usiku umodzi.

Pakona imodzi ya khichini panadonthabe. Mtsikana anaikapo cizindikiro ndi coko, ndipo amalume anabwera kudzamata. Pabwalo madzi anaima kwa maola angapo, kenaka anatsika ndi ngalande. M'munsi mwa cipupa munali mouma. Kabulu ka simenti ka pa mng'alu sikanasweke.

Madzi a m'diramu amacapira, amakolopera ndi kuthirira dimba mvula ikadula. Nthawi zina imaduladi pakati pa dzinja. Mu 2024 inasowa kwa masabata ambiri, mbeu zinauma m'zigawo zambiri, ndipo boma linalengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a pa denga sayenera kumwedwa asanawiritsidwe kapena kuthiridwa kolorini.

Penti ambuya sanagule caka cimeneco. Ndalama za tomato woyamba anaziika padera kuti adzagulire simenti yotsirizira mbali zotsala.

Yankhani mafunso awa m'mabuku anu

1. Mvula imayamba mwezi uti mu Zambia?
2. Cifukwa ciani amalume anakana kugula penti coyamba?
3. Kodi banjali linapeza bwanji mabowo a pa denga?
4. Msomali wa malata uyenera kukhomedwa pati? Perekani cifukwa.
5. Fotokozani mmene madzi a pa denga amang'alulira cipupa.
6. Cinakwiyitsa aneba ndi ciani? Kodi mabanja awiriwo anathetsa bwanji nkhaniyo?
7. Mabedi a dzinja amasiyana bwanji ndi mabedi a cilimwe?
8. Mukanakhala inu ambuya, ndipo ndalama zanu n'zokwana cinthu cimodzi cokha, mukanayamba kukonza ciani? Cifukwa ciani?

Zoona kapena zabodza?

1. Ciswe cimakonda malo ouma.
2. Konkire yatsopano imafuna kuthiridwa madzi kwa masiku 7.
3. Ana angathe kukwera pa denga ngati malata sanatenthe.
4. Tomato ndi impwa ndi mbeu za pacibale.
5. Madzi a m'diramu ndi abwino kumwa osawiritsa.

Cimodzi ndi zambiri

Citsanzo: lata, malata

Lembani mau a zambiri a mau awa: msomali, cipupa, mng'alu, thumba, tsamba, cidebe, khasu, thabwa.

Mau otsutsana

Citsanzo: kukwera, kutsika

Lembani mau otsutsana ndi awa: kunyowa, kutseka, kukhoma, kukumba, pamwamba, kale.

Miyambi

Fotokozani tanthauzo la miyambi iyi. Pangani ciganizo cimodzi pa mwambi uliwonse.

1. Walira mvula walira matope.
2. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Werengerani

Denga la kalasi lili ndi mamita 8 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi. Kwagwa mvula ya mamilimita 10. Ndi malita angati amene atsika pa dengalo? Angadzaze zidebe zingati za malita 20?

Sewero

Khalani atatuatatu. Mmodzi akhale ambuya, wina akhale aneba, wina akhale mdzukulu. Citani sewero la nkhani ya ngalande. Gwiritsani nchito mau aulemu monga odi, pepani ndi zikomo.

Nchito ya kunyumba

Zungulirani nyumba yanu pamodzi ndi munthu wamkulu. Musakwere pa denga. Yang'anani m'munsi mwa cipupa, pa mapulanga, mu ngalande ndi m'dimba. Jambulani nyumbayo, ndipo onetsani ndi mivi kumene madzi a mvula amapita. Pansi pa cithunzi lembani ziganizo zisanu zofotokoza vuto limodzi limene mwapeza ndi mmene banja lanu lingalikonzere mvula isanabwere.